Ndinatengera mlendo wanga mu sinowo wofika m'ntchafu

Mnzanga amene tinkagona naye hostelo imodzi ku sekondale amakhala ku South Bend, ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu. Ine ndimakhala ku Salt Lake City, ku Utah, ndipo ski, masewera otsetsereka pa sinowo ndi timatabwa tiwiri titalititali tomangirira kumapazi, ndakhala ndikusewera kwa zaka zisanu. Nayenso anali ataphunzirako pa timapiri ta ku Michigan, ndipo m'mavidiyo amene ankanditumizira pa WhatsApp ankaoneka kuti akutha, akukhota bwinobwino pa njira zosalazidwa ndi makina. Kwa zaka ziwiri ndinkamunyengerera kuti abwere adzaone mapiri enieni, mpaka mu February anabweradi. Tsiku limene ndinkafuna kuti azidzalikumbukira mokondwa linatha iye akusanza m'mbali mwa msewu, ine manja akunjenjemera pa chiwongolero. Zambiri zimene zinalakwika ndinazilakwitsa ndine, zina tisanatuluke n'komwe m'nyumba. Ngati mumakhala kumapiri ndipo mukuyembekezera mlendo wochokera kotsika, ndikhulupirira zimenezi zikuthandizani.

Chimene chinandizunguza mutu ndi chimene anthu a kuno amati powder. Ameneyu ndi sinowo wongogwa kumene usiku, munthu kapena makina asanamuponde. Wa m'mapiri a Wasatch ndi wouma ndiponso wopepuka, moti ukamutapa m'manja n'kuuzira amauluka ngati ufa woyera wosefa, ndipo kampira sungaumbe naye. Ku Alta, malo osewerera ski a m'mapiri amenewa, kumagwa sinowo woposa mamita 12 pa chaka, ndipo m'nyengo ya 2022 mpaka 2023 kunagwa mainchesi 903, omwe ndi pafupifupi mamita 23. Ukadziwa kuyendamo umamva ngati ukuyandama, phokoso lonse limatha, umangomva mpweya wako wokha. Anthu amajomba ku ntchito chifukwa cha m'mawa woterewu, ndipo pofika masana amakhala atamupondaponda yense. Njala imeneyi ndi imene ndinali nayo.

Mnzanga uja anatera Lachinayi cha m'ma 6 koloko madzulo. Tikiti yake yokasewerera ski ku Alta ndinali nditaguliratu pa intaneti, ya Loweruka, poganiza kuti Lachisanu apume, tingozungulira mtauni. Koma tikuchokera ku bwalo la ndege, foni inaonetsa kuti mkuntho wafika msanga ndipo usiku womwewo kumapiri kugwa sinowo wambiri. Mtima wanga unauluka. Ndinati, "Aise, mawa ndiye tsiku lake. Loweruka tikapeza zotsala." Iye anangoseka n'kunena kuti, "Mwinimudzi ndiwe, ine ndingotsatira." Kunyumba tinaphika nsima ndi usipa umene alamu anamupatsira, tinamwa mabotolo awiriawiri a mowa, nkhani za kusukulu zinakoma, moti pogona n'kuti nthawi itapitirira 12 koloko. Alamu ya pa foni ndinaitchera 5 koloko.

Masamu amene ndinayenera kuchita patebulo lomwelo ndi awa. South Bend ili pa mamita pafupifupi 200 kuchokera pa mulingo wa nyanja, Salt Lake City pafupifupi 1,300. Poimika magalimoto ku Alta ndi pa mamita 2,600, ndipo pamene lifiti ya Collins, mipando yolendewera pa chingwe yokweza anthu phiri, imakakutsitsira pamapitirira mamita 3,100, kutalika kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, imene ili pa 3,002. Munthu ameneyu ndinamukweza kuchoka pansi penipeni kukafika pamwamba pa Sapitwa m'maola pafupifupi 24, atagona maola anayi, ali ndi mowa m'thupi. Nkhani ya kutalika ndinaitchulako, iye n'kuyankha kuti, "Ndinakulira ku Dedza ine, ndipo Sapitwa ndinakwerapo kawiri." Ndinamukhulupirira chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira. Zoona zake n'zakuti thupi limaiwala kuzolowera kumtunda pa masabata ochepa chabe, ndiye zaka khumi za ku Indiana zinali zitafufuta Dedza yense. Pa mamita 3,000, okosijeni amene munthu amakoka popuma kamodzi amachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti masiku awiri oyamba munthu asamwe mowa ndipo asagwire ntchito yolemetsa.

Ku Alta kumapita msewu umodzi wokha, SR-210, wodutsa m'chigwa cha Little Cottonwood. M'mbali mwake muli makwawa oposa 60 amene sinowo amagumukiramo n'kutsikira mumsewu. Ife amene tinakula tikumva za Napolo sitifunika kutifotokozera zambiri za phiri likagumuka. Kukagwa sinowo wochuluka, a boma oona za misewu amatseka msewuwo usiku, amaphulitsa mabomba kumtunda kuti chimene chikufuna kugumuka chigumukiretu, kenako amalambula, n'kutsegula. Zimenezi ndinkazidziwa, ndipo uthenga woti msewu watsekedwa unali utatuluka kale usiku, koma ndinaganiza kuti tikalawirira tikakhala kutsogolo kwa mzere. Tinafika pakamwa pa chigwacho 6:30, n'kupeza magalimoto atandandalika kale kutali. Tinakhala pamenepo mpaka cha m'ma 8:45. Atatsegula, apolisi ankaona matayala kaye, chifukwa tsiku lotere amalola magalimoto okoka ndi mawilo onse anayi kapena okhala ndi matcheni kapena matayala a m'sinowo basi. Mtunda wosakwana makilomita 15 tinauyenda ola lathunthu ndi mphindi zingapo. Nthawi yonseyi m'mimba munali khofi wa m'fulasiki ndi buledi magawo awiri. Madzi sitinanyamule. Tikanagona maola ena awiri, n'kudya phala, n'kukwera basi ya ski, tikanafika nthawi yofanana tili ndi mphamvu.

Pobwereka zipangizo panali mzere wa mphindi 35. Mnyamata wa m'sitoloyo anayang'ana panja, n'kufunsa ngati mnzanga angafune ma ski otambalala, oyenera tsiku ngati limeneli. Ankakwera ndi madola pafupifupi 30. Ndisanamulole mnzanga kuyankha, ndinati wamba aja ali bwino. Ndinali nditangolipira tikiti ina ya Lachisanu, yoposa madola 150, ndiye ndinkafuna kupulumutsako kenakake, komanso ndinkathamangira kumtunda. Ma ski amene anamupatsa anali a mamilimita pafupifupi 80 pansi pa phazi, pamene anga ndi 110. Masentimita atatu okha, koma mu powder amasiyanitsa munthu woyandama ndi womira. Mnyamatayo ananena zoona, ine ndi amene sindinamve.

Alta ili ndi malo awiri oyambira. Mbali ya Albion kuli lifiti ya Sunnyside ndi njira za chizindikiro chobiriwira, zotsetsereka pang'onopang'ono, kumene mlendo aliyense ayenera kuyambira kuti miyendo idzuke. Ife tinapita mbali inayo, molunjika ku Collins. Tili pa mpando m'mwambamo, ndinali kalikiliki kumufotokozera kuti kuno kale kunali migodi ya siliva, kuti lifiti yoyamba ya Collins inayamba kunyamula anthu mu 1939 ndipo anaipanga ndi zitsulo zakale za kumgodi. Iye ankangoti "eya", "oho". Mnzanga ameneyu ndi wolongolola, sangamve nkhani osaithira ndemanga. Kukhala chete kwakeko ndinakutenga ngati akugoma ndi mapiri.

Tinatsika pamwamba cha m'ma 11:15. Chingwe cholowera ku Ballroom, chidikha chachikulu chimene chili m'munsi mwa phiri la Baldy, chinali chitangotsegulidwa, ndipo anthu ankakhamukirako. Ndinamuuza kuti anditsatire. Titangochoka pa kanjira kopondedwa, sinowo anatifika m'mawondo, pena m'ntchafu. Ine ndinakhota kasanu ndi kamodzi, ndikukuwa ndi chimwemwe, n'kuima kuti ndimuone. Anayenda mamita mwina khumi, anayesa kukhota monga amachitira ku Michigan, ski imodzi inamira, inayo inapita kwina, ndipo anagwa chamutu, phuu, n'kusowa. Kenako ndinaona dzanja, kenako chipewa. Anali kuseka, sinowo ali mbuu nkhope yonse. Kuseka kumeneko kunali komaliza mpaka Lamlungu.

Zimene ndinayenera kumuuza tili pansi ndinayamba kumukuwira ali kale m'mavuto. Pa njira yosalazidwa munthu amatsamira mwendo wakunja pokhota, ndipo pansi pamamugwira. Mu powder mulibe pansi. Ukatsamira mwendo umodzi umalowa ngati waponda m'dambo. Miyendo imafunika kuyandikana, kulemera kukhale kofanana mbali zonse, ndiponso pamafunika kaliwiro pang'ono kuti ma ski atukuke, chinthu chimene munthu wamantha safuna kumva. Woyamba kumene amagonera kumbuyo kuti nsonga za ma ski zisamire, ndiye ntchafu zimanyamula thupi lonse n'kuyamba kutentha ngati moto pa mphindi ziwiri zokha. Koma chimene chimamaliza munthu ndi kudzuka. Ukaika dzanja pansi kuti udzikankhe, limalowa mpaka m'phewa. Mnzanga ankaphiriphitha mphindi zitatu kapena zinayi pa kugwa kulikonse, akupuma wefuwefu. Njira yake ndi yosavuta ukaidziwa: bweretsani ma ski kumunsi kwanu mopingasa phiri, vulani zingwe za ndodo zoyendera pa ski m'manja, pingasitsani ndodo ziwirizo ngati mtanda pamwamba pa sinowo, gwirani pakati n'kudzikankha. Ndinamuonetsa zimenezi atagwa kale kanayi.

Atagwa kachisanu, ski yakumanzere inavuka. Anadzuka, anayang'ana uku ndi uku, paliponse pali mbee, palibe chizindikiro. Ine ndinali mamita pafupifupi 20 kumunsi, ndipo kukwera kamtunda kameneko chammbali kunanditengera mphindi khumi. Tinayamba kukumba ndi manja pamene anagonapo, kenako kumunsi kwake, poganiza kuti yatsetsereka. Tinakumba dzenje lalikulu ngati la zinyalala, osapeza kanthu. Magolovesi ananyowa. Iye ankakumba kawiri katatu n'kugwada, mutu uli pansi, kudikira kuti phuma libwerere. Anthu ankatidutsa akukuwa mokondwa, ndipo ndinene zoona, mumtima mwanga ndinkawerenga mizere imene ankaisiya, ndikuona sinowo wanga akutha. Ndimachita manyazi ndikakumbukira kuti pa nthawi imeneyo ndinkamuona mnzanga ngati wondichedwetsa.

Patatha mphindi pafupifupi 40, mayi wina wachikulire anaima pambali pathu. Sanafunse kuti mwagwera pati, anafunsa kuti ski inavukira pati. Anatilozera kumtunda, pamene mizere iwiri ya ma ski inasanduka umodzi, n'kutiuza kuti tiyambire pamenepo. Anatinso tisiye kukumba ndi manja, titenge ski yotsalayo tizicheka nayo sinowo mopingasa, mzere ndi mzere, ngati tikulemba mizere ya m'munda, mpaka igunde chinthu cholimba. Pa mzere wachisanu ndi chimodzi tinamva gwa. Inali mamita anayi kumtunda kwa dzenje lathu, itabisala theka la mita pansi. Asanapite, mayiwo anakweza mwendo wa buluku lawo n'kutionetsa liboni lofiira lalitali, lomangirira ku ski, linalo atalipinda m'bulukumo. Ski ikavuka, liboni limatuluka n'kutsala pamwamba. Amagulitsa motchipa m'masitolo a kumapiriko. Zaka zisanu ndikusewera, ndinali ndisanaligulepo, chifukwa ski yanga inali isanandisowepo. Kuvalanso ski ija kunatenga mphindi zina khumi: kupondaponda kuti pakhale polimba, kugogoda sinowo woundana kunsi kwa nsapato, kukankhira pansi chogwirira cha kuchidendene kuti chitseguke. Njira imene ine ndimatsika mphindi zisanu tinaitsika ola limodzi ndi theka.

Pofika pansi, mnzanga anali thukuta kamukamu. Mkati mwa jekete anavala juzi ya thonje ndi tisheti ya thonje, ndipo zonse zinanyowa. Thonje likanyowa silimauma msanga, limangozizira pathupi, moti titakhalanso pa lifiti anayamba kunjenjemera. M'mawa ndinamuona akuvala, osanena kanthu, chikhalirecho ndili ndi malaya amkati a ubweya awiri m'kabati. Magalasi akenso anali atachita nkhungu, chifukwa pokumba paja anawakweza pachipumi pamene panali sinowo ndi thukuta, kenako anapukuta mkati ndi golovesi yonyowa. Kuyambira pamenepo ankaona ngati ali m'chifunga. Magalasi a ski asachoke kumaso mukakhala panja, ndipo mkati mwake musamapukute akanyowa, muzingowagwedeza n'kukawaumitsa m'nyumba.

Apa ndiye panali poyenera kulowa m'nyumba, kumwa madzi, kudya. Ndinamufunsa kuti, "Uli bwino?" Anati, "Ndili bwino, tiye." Funso limenelo ndi lachabe kwa mlendo wa kwathu, chifukwa sangakuuze kuti watopa pamene akuona kuti wawononga ndalama chifukwa cha iye. Ulendo wachiwiri ndinamutengera pa njira yosalazidwa, ndipo anayenda bwinoko. Cha pakatikati ndinaona kankhalango ka mitengo yonga paini kumbali kwa njira, sinowo wake asanapondedwe n'komwe. Ndinamuuza kuti, "Iwe tsata njirayi, ine ndidzera umu, tikumana pansi pa mitengoyo." Sindinadikire yankho. Ndinalowa, ndinakhota mwina kakhumi, zokoma zedi, n'kutulukira kumunsi. Ndinaima kuyang'ana kumtunda kwa njira. Kunkabwera anthu ena, iye ayi.

Mphindi zisanu zinadutsa. Ndinaimba foni, inali yozima. Anali ataiika m'thumba lakunja la jekete, ndipo chisanu chimapha batire mwamsanga. Ndinakuwa dzina lake, mawu anangomira mu sinowo, kunja kuli zii. Kenako maganizo anandifikira akuti mwina sanandimve bwino ndipo wanditsatira m'mitengo. M'mimba munatentha. Ndinayamba kukwera chammbali, koma phazi lililonse linkamira, ndipo nditavutika mphindi zisanu ndinali nditayenda mamita osakwana 15. Pamenepo ndinamvetsa kuti munthu amene ali kumunsi kwa mnzake mu sinowo wakuya sangamuthandize chilichonse. Ndinaganiza za alamu ndi ana awo awiri ku South Bend, ndi mawu amene ndikayambire pa foni.

Chimene ndinkaopa chili ndi dzina, amati tree well. Nthambi za m'munsi za mitengo imeneyi zimatchinga sinowo, ndiye mozungulira thunthu mumatsala dzenje lakuya lokhala ndi sinowo wofewa, losaoneka ukakhala kunja. Munthu akagweramo chamutu, sinowo amamukhuthukira, akamaphiriphitha amalowa kwambiri, ndipo amatha kubanika pa mphindi zochepa. Ambiri sangadzitulutse okha, ndipo chaka ndi chaka anthu amafa motere m'mapiri a kumadzulo kwa America ndi Canada, mkati mwenimweni mwa malo osewerera. Patatha mphindi pafupifupi 15, ndinamuona akutuluka m'mitengo pang'onopang'ono, mnyamata wina ali pambuyo pake. Anali atanditsatiradi, poopa kusochera yekha. Anatererekera pa mtengo wina n'kulowa ndi miyendo mpaka m'chifuwa, koma mwa chisomo cha Mulungu mutu unali m'mwamba ndipo anagwira nthambi. Mnyamatayo anamva kukuwa n'kumukoka. Ndodo imodzi inatsala komweko. Mnyamata uja anandiyang'ana n'kunena modekha kuti m'mitengo anthu amayenda akuonana, ndipo wodziwa ndi amene amakhala kumbuyo. Ndinalibe choyankha. Masiku ano ndimayenda ndi wezulo pa zipi ya jekete, foni m'thumba lamkati.

Tinalowa m'malo odyera a pakati pa phiri cha m'ma 1:40. Ndinagula supu ndi tchipisi, madola oposa 40 anthu awiri. Iye anangoyang'ana mbale. Milomo inali itatuwa, maso ali psuu. Anamwa madzi pang'ono, anadzuka mofulumira kupita kuchimbudzi, ndipo pobwera anandiuza kuti wasanza. Kenako anati, "Mutu wakhala ukundiwawa kuyambira tili pa lifiti yoyamba ija. Ukugunda ngati ng'oma. Sindinafune kukuwonongera tsiku, ndinaona mmene unakondwera." Mawu amenewa anandilasa kuposa chilichonse chimene chinachitika tsikulo. Maola atatu munthu akuvutika pambali panga, akubisa chifukwa cha ine, ine maso ali pa sinowo.

Ndinakaitana mmodzi wa a ski patrol, anthu ovala majekete okhala ndi mtanda amene amathandiza ovulala paphiri. Anamufunsa dzina, tsiku, kumene wachokera ndi nthawi imene anafika ku Utah. Anamuyendetsa pa mzere wowongoka, chidendene kugunda chala, ndipo anayenda bwino. Anatiuza kuti zikuoneka kuti ndi matenda obwera chifukwa chokwera kumtunda mofulumira, kuphatikizapo kuchepa kwa madzi m'thupi ndi kutopa, ndipo mankhwala ake enieni ndi kutsika. Anatichenjeza kuti akayamba kusokonezeka, kudzandira ngati woledzera, kubanika ngakhale atakhala pansi, kapena kutsokomola monyowa, tisadikire m'mawa, tithamangire kuchipatala. Anafunsanso ngati ali ndi sickle cell, kapena ngati anauzidwapo kuti ali ndi mbewu yake m'magazi. Funso limeneli ndikulibwereza dala, chifukwa likutikhudza ife ochokera ku Africa kuposa anthu ambiri amene mungakumane nawo paphiri. Kumtunda kumene okosijeni ndi wochepa, ngakhale munthu amene ali ndi mbewu chabe, amene sanadwalepo, akhoza kumva ululu woopsa kumanzere kwa mimba chifukwa cha kapamba. Ngati zimenezi zili m'banja mwanu, onanani ndi dokotala musanagule tikiti ya ndege. Mnzanga analibe, ndipo bamboyo anatiperekeza pang'onopang'ono pa njira yosavuta mpaka pansi.

Tinabweza zipangizo, ndinalipira ndodo yotayika ija, n'kunyamuka cha m'ma 3 koloko. Sinowo anali atayambanso kugwa ndipo aliyense ankatsika nthawi imodzi. Anthu a kuno mzere umenewu amautcha njoka yofiira, chifukwa cha nyali zakumbuyo za magalimoto zimene zimakhotakhota chigwa chonse. Tinayenda ola limodzi ndi theka. Mnzanga anatsamira pa windo, maso ali chitsinzire, ndipo ine ndinkamufunsa mafunso mphindi zingapo zilizonse kuti ndimve ngati akuyankha zomveka. Pamalo ena otakasuka ndinapatuka kuti asanzenso. Chodabwitsa n'chakuti titangotuluka m'chigwamo n'kufika kumunsi m'tauni ya Sandy, anatsegula maso n'kunena kuti mutu wayamba kupepuka. Kunyumba anamwa madzi, tiyi wa mandimu ndi paracetamol, anadya phala pang'ono, n'kugona maola 12. Usiku ndinadzuka katatu kukaima pakhomo pa chipinda chake kumvetsera mmene akupumira.

Loweruka sanathe kutsika masitepe osagwira khoma, ntchafu zili gwa. Tikiti ya Loweruka ija inapita pachabe. Ndikawerengera matikiti awiri, zipangizo, chakudya chimene sanadye ndi ndodo, ndinawononga madola oposa 450, ndipo anatsika phiri kawiri kokha. Ndalamazo sizinandipweteke kwambiri. Mlendo ndi mame, ndipo pa masiku atatu amene ndinali naye patatha zaka zambiri tisanaonane, limodzi ndinamuzunza nalo, lina analithera pabedi. Madzulo ake ndinamupepesa. Anati palibe mlandu, nayenso akanayenera kunena. Koma iye sankadziwa kuti mutu umene uja ukutanthauza chiyani, sankadziwa za maenje a m'mitengo kapena za thonje. Amene ankadziwa ndine.

Lamlungu m'mawa anadzuka mutu uli bwinobwino, ndipo ndi iye amene anati tipitenso, ndege yake inali ya madzulo. Tinadya mazira ndi phala, tinanyamula mabotolo awiri a madzi, anavala malaya anga a ubweya. Tinapita mbali ya Albion. Ndinamubwerekera ma ski otambalala, ndinagula maliboni ofiira awiriawiri, ndipo ndinamulipirira maola awiri ndi mphunzitsi, ndalama zimene ndinayenera kuyambira Lachisanu. Atamaliza tinakwera Sunnyside limodzi, ine ndikuyenda kumbuyo kwake. M'mphepete mwa njira munali mutatsala kachigawo ka sinowo wofewa, wofika m'akakolo basi. Ndinamuona akuyang'ana, kenako analowamo yekha, miyendo pamodzi, n'kukhota kanayi osagwa. Anaima, anatembenuka kuyang'ana mizere imene anasiya, n'kunena kuti, "Aise, ndamva tsopano chimene umanena chija." Tinatsikanso katatu, ndipo 1 koloko itakwana ndinati tizipita, iye akufuna kamodzi kena.

Pa bwalo la ndege anatulutsa maliboni aja m'thumba n'kundipatsa kuti ndimusungire. Anati chaka chamawa adzabwera ndi alamu ndi ana, ndipo adzafika Lachiwiri kuti phiri adzakwere Lachisanu. Maliboniwo ali m'kabati, pamodzi ndi malaya a ubweya aja.